Khomo Lachitatu

1

"Mukadzangoyatsa mawu amenewo pa ukwati wanga, Ababa, ine ndidzavula velo n'kutuluka. Keke mudzadya nokha."

Anatero mwana wanga wamkazi, amene timamutcha Mzime poti ndiye womaliza, ataima pakhomo la kukhitchini, kapu yonyowa ili m'manja. Sanakweze mawu. Akanakweza ndikanati n'kutopa kwa akwati, poti tsiku linali litayandikira ndipo telala anali atamuzunguza mutu. Koma analankhula mmene amalankhulira ku wodi kumene amagwira ntchito ya unamwino, akamauza abale a wodwala kuti aitane ena onse.

"Mawu a mayi ako omwe?" ndinafunsa.

"Ndanena, Ababa."

Ine ndine mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito. Mkazi wanga anamwalira chaka chatha ndi matenda a m'mapapo. Si ine munthu wa misozi. Pa maliro ake anthu ankandisuzumira kudikira kuti ndigwe pansi, ine n'kumangoona ngati mipando yawakwanira alendo. Koma alendo atabalalika ndinasiya kudya. Sindinachite kupangana ndi mtima kuti ndisiye. Chakudya chinkangokhala m'mbale mpaka ntchentche n'kuchilandira.

Ndi masiku amenewo pamene mwana wanga woyamba anabwera atagwira foni. Mayi ake anamutcha Injiniya ali wamng'ono chifukwa chophwasula wailesi iliyonse ya m'nyumba, ndipo dzinalo linakakamira.

"Ababa, ndapeza ichi m'foni ya amayi. Anajambula asanatisiye."

Anadina, mkazi wanga n'kulankhula.

"Mwamuna wanga wokondedwa, musadziimbe mlandu. Munandisamala bwino. Zaka zonsezi ndakhala mkazi wodala chifukwa cha inu. Ndimakukondani, ndipo ndikupita ndi mtendere. Anawa muwakumbatire."

Tsiku limenelo ndinadya. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndinkathira tiyi, kutsamiritsa foni pa botolo la mchere, n'kumvera. Ndiye Mzime atapeza mwamuna, ndinaona chanzeru kuti pa phwando la ukwati, m'malo moti ine ndizikachita chibwibwi pa maikolofoni, akalankhule mayi ake. Ndinkayesa ndi mphatso. Iye anandiyang'ana ngati ndamubweretsera khoswe wakufa m'mbale yovundikira.

2

Ana angawa ali ndi chizolowezi chimene anachiyamba ali pasukulu. Lamlungu masana tikatha kudya, amalumikiza makina a gemu ku TV ya pabalaza n'kuyamba kulimbirana chowongolera. Mayi awo ankati, "Taonani, wina ndevu pepeya, wina mkazi wathunthu, kulimbirana chidole!" Atamwalira, chizolowezicho sichinafe. Ndikuganiza kuti ankachitira ine, kuti nyumba izimveka anthu.

Gemu imene ankasewera miyezi imeneyo inali ya mzinda wongopeka umene munagwa mliri. Amisiri a mumzindawo anayamba kusula anthu achitsulo n'kuikamo mawu ndi zikumbukiro za akufa. Ankawatcha Osulidwa. Wosewera amakhala mlonda wa nyumba ya magetsi, amene mkazi wake nayenso anafa n'kusulidwa. Kumapeto magetsi amachepa, ndipo mlondayo amaima patsogolo pa makomo atatu. Akalowa loyamba, Osulidwa onse amazima, amoyo n'kutsala ndi manda awo. Akalowa lachiwiri, mzinda umasiyidwa m'manja mwa Osulidwa, amene sadwala, sakalamba, sakangana. Akalowa lachitatu, onse amasakanizidwa, amoyo kulandira chitsulo, achitsulo kulandira magazi, mpaka osadziwikanso wobadwa ndi wosulidwa.

Lamlungu lotsatira chiopsezo cha velo chija, anafika pa makomowo.

"Lachitatu," anatero Injiniya. "Palibe wofa, palibe wolira. Ngakhale mwana wa mkaka angasankhe."

"Loyamba," anatero Mzime.

"Iwe, ukufuna kupha theka la mzinda? Namwino wanji wokonda kuzimitsa makina? Odwala ako amagona tulo koma?"

"Simungaphe chinthu chimene sichinabadwe, achimwene."

"Amalankhula, amakumbukira, amatonthoza amasiye. Munthu n'chiyani kuposa pamenepo? Fungo la m'khwapa?"

"Amalankhula zimene wowasula anafuna kuti alankhule. Chidole cha m'sitolo nachonso chimati 'amama' mukachifinya pamimba."

"Koma mwana amagona nacho tulo tabwino."

"Mwana, inde. Osati munthu wamkulu amene sanauzidwe kuti wakumbatira chidole."

Injiniya anaseka, koma kuseka kwa mano okha. "Ababa, tiweruzeni. Inu mungalowe liti?"

Ndinatsitsa nyuzipepala. Ndinati za zidole ine sindidziwa, koma masamu ake akuoneka osavuta: khomo lopanda maliro ndiye labwino.

Mzime anaika chowongolera pa tebulo pang'onopang'ono, ngati chinthu choti chikhoza kuphulika.

"Ndiye lowani awirinu," anatero. "Muli kale m'katimo."

Anatola chikwama n'kutuluka, tiyi wake osamukhudza. Pa TV mlonda uja anatsala chiimire patsogolo pa makomo, akupuma ndi mapewa.

Kunena zoona ndinanyansidwa. Anthu ophunzira, ukwati uli pamphuno, kudana chifukwa cha katuni!

"Wadya chiyani mlongo wako?" ndinafunsa.

"Mantha a ukwati, Ababa. Musamulabadire." Ananena akukulunga waya, osandiyang'ana. Wayawo anaukulunga, kuumasula, n'kuukulunganso.

3

Pakati pa sabata kunabwera alamu anga, mkulu wake wa malemu, kudzaona zokonzekera. Ndinawadandaulira za Mzime. Iwo anati, "Tayatsani ndimverenso." Ndinayatsa. Analira mpaka kumina m'mpango, kenako anapukusa mutu.

"Koma imfa imaphunzitsa munthu ulemu, alamu. Mng'ono wanga uja kunena kuti 'ndimakukondani'? Ine ndinakula naye bedi limodzi, sindinamumvepo akunena zimenezo ngakhale kwa mphaka."

Tinaseka, poti zinali zoona. Mkazi wanga anali ndi pakamwa ngati lumo latsopano. Tikakhala awiriwiri sankanditchula dzina, kapena kuti bambo a uje. Ankanditcha a Duu, chifukwa cha kusalankhula kwanga. "A Duu, pamenepo mwayankha kapena mwangopuma?" Chikondi chake chinali kundibisira shuga dokotala atandiletsa, ndi kutaya jekete langa lakale ndili kuntchito n'kunena kuti lathawa lokha ndi manyazi.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene sichindikomera. Chilandirireni uthenga uja, ndikaganiza za mkazi wanga ndinkamva mawu a m'foni aja. Mayi wa lumo uja anayamba kuzilala m'mutu mwanga, ndipo ndinamuleka kuti azilale. Watsopanoyu anali wosavuta kukhala naye. Sankandifunsa ngati ndasintha masokosi.

"Mwanayo mumusiye, adzafewa yekha," anatero alamu ponyamuka. "Mawu a mayi ake ndi dalitso. Ndauza kale abale onse kuti adzabwere ndi mipango iwiriiwiri."

4

Makina a gemu anali atatsala pabalaza. Uphunzitsi sukalamba. Ngati ana awiri ophunzira akukangana pa funso limodzi, ndiye kuti funsolo ndiyenera kuliona ndekha kuyambira pa mzere woyamba. Ndinaiyamba gemuyo pachiyambi, m'mawa uliwonse ndikatha tiyi, zala zikuphonya mabatani, mlonda wanga akugunda makoma ngati wochokera ku mowa.

Chimene ana sanandiuze n'chakuti koyambirira mkazi wa mlonda amakhala ali moyo. Ndi mayi wovuta. Amamukalipira akalowa ndi nsapato zamatope, amamudula mawu, amaseka mofwenthera m'mphuno. Ndinamukonda nthawi yomweyo. Kenako mliri umamutenga, n'kubwerera atasulidwa.

Nditafika pa makomo atatu aja, wosulidwayo anatulukira n'kuima pambali pa mlonda. Nkhope yomweyo, mawu omwewo. "Wokondedwa wanga," anatero, "usandizimitse. Sindinakukwiyirepo. Unali mwamuna wabwino."

Ndinapezeka ndikukalipira TV ndili ndekha pabalaza. "Chitsiru iwe, ameneyu si mkazi wako! Tayang'ana nsapato zako, matope okhaokha, ndipo sanatchule n'komwe."

Ndinasiya chowongolera kuti ndikamwe madzi. Foni inali pa tebulo, ndipo chala chinadina chokha mwa chizolowezi. "Mwamuna wanga wokondedwa..."

Ndinaumva mpaka kumapeto chiimire. Ndinaubwereza. Ulendo uno sindinamvere mawu, ndinamvera kuseri kwa mawu. Kunali zii.

Miyezi yomaliza ya moyo wake, mkazi wanga sankachoka pa makina a mpweya. Makinawo anali akadali kuchipinda, pakona, nditawaphimba ndi nsalu ya pa tebulo. Ndinavundukula, kulumikiza ku magetsi, n'kuyatsa. Anayamba kulira monga kale, ngrrr phuu, ngrrr phuu, phokoso limene linkamveka mpaka kubafa, limene oimba foni ankafunsa kuti, "Kodi muli kuchigayo?" Ndipo iye masiku amenewo sankamaliza chiganizo osatsokomola.

Mu uthenga wanga munalibe makina. Munalibe chifuwa. Munali mayi wa mapapo atsopano akulankhula m'chipinda chopanda ngakhale udzudzu.

Ndinayesa kudzinyenga kuti mwina anajambula kale, asanadwale kwambiri. Koma asanadwale kwambiri ndinali ndisanamusamale, ndipo iye sankapita kulikonse, kaya ndi mtendere kaya popanda.

Ndinakhala pa bedi. Makina anapitiriza kupumira munthu amene kulibe.

5

Ndinapita kuchipatala nthawi ya nkhomaliro. Mzime ndinamupeza kuseri kwa wodi, pa benchi la pafupi ndi kochapira, atavula nsapato imodzi, akudya buledi mothamanga.

"Ababa! Kwagwanji? Shuga wakwera?"

"Kutsokomola kwa mayi ako kunapita kuti?"

Anasiya kutafuna. Anakulunga buledi uja m'pepala mosamala, ngati akumanga bala.

"Mwamva tsopano," anatero.

"Ndiuze."

"Uthenga unalipo, Ababa. Weniweni. Foni ndinawagwirira ndine, inu mutapita kukagula mankhwala. Atamwalira, achimwene anatenga foniyo, anamvera, n'kunena kuti n'zochititsa manyazi, munthu sangasiyire mwamuna wake zoterozo. Ndiye anasonkhanitsa mauthenga onse a mawu amene amayi ankatitumizira n'kuwadyetsa kompyuta ya kuntchito kwawo. Za 'wokondedwa' zija analemba okha achimwene. Kompyuta inangozivekerera mawu a amayi, ngati kuveka mtengo diresi."

Kochapira kuja wina ankakhuthula ndowa. Ndinayang'ana madzi a sopo akulowa mu ngalande.

"Iwe unkadziwa."

"Kuyambira tsiku lomwelo."

"N'kukhala chete chaka chonse?"

"Munayamba kudya, Ababa." Anayang'ana phazi lake lopanda nsapato. "Ndikati lero ndinena, ndinkakupezani mukupaka batala pa buledi. Ndikanatani? Ndinkangowathira mawu achimwene kudzera m'gemu ija, poti ndi pokhapo pamene ndikanawatukwana inu muli pompo. Koma pa ukwati wanga ayi. Sindingaime m'diresi loyera, amayi aakulu akulira, chidole cha achimwene chikundidalitsa."

"Weniweniwo unati chiyani?"

Anaseka pang'ono, misozi ili lengelenge.

"Anayamba n'kuti, 'A Duu.' Ine sindinkadziwa n'komwe kuti amakutchani choncho."

Ndinagwira benchi. Dzina limenelo silinatulukepo m'chipinda chathu.

"Kenako anatsokomola nthawi yaitali. Anati, 'Mpopi wa kubafa uja ukudonthabe. Mwakhala mukuti mawa, mawa. Ine ndifa usanakonzedwe, muone.' Anatsokomolanso. Anati, 'Shuga ali kuseri kwa chitini cha fulawa, koma musakhudze. Ndipo pa maliro musakaime ngati mtengo wa magetsi, anthu angati simunkandifuna.' Kenako anati, 'Komanso inu,' chifuwa n'kuwagwira. Anandikodola kuti ndizimitse. Sanapitirizenso."

"Komanso ine chiyani?"

"Sindikudziwa, Ababa. Palibe akudziwa."

"Uthengawo uli kuti?"

"Afunseni achimwene. Ine anandimana."

6

Kampani ya Injiniya ili pamwamba pa sitolo ya matayala. Ndinali ndisanapondeko. Ankati amapanga mapulogalamu a m'mafoni, ndipo ine sindinkafunsa zambiri. Ndinakwera masitepe onunkha labala n'kulowa m'chipinda chozizira, chodzaza mawaya ndi anthu ovala zomvera m'makutu. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha gogo wina akumwetulira, pansi pake atalemba kuti okondedwa anu asakhalenso chete.

Anandilandira mayi wina wa magalasi aakulu, mnzake amene anayambitsa naye kampaniyo. Nditanena kuti ndine ndani, anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Ndinu bambo aja? Enieniwo? Anthu inu, bwerani mudzaone! Bambo, ife kuno timakutchani umboni wathu. Kasitomala aliyense wokayika timamuuza kuti mwamuna amene anagona ndi malemu chipinda chimodzi moyo wake wonse sanazindikire kuti mawuwo n'ngopanga. Mwana wanu anati atakuululirani munaseka mpaka kugwira nthiti. Ndiye tamva kuti mukauyatsa pa ukwati! Tingatumize wojambula?"

Anthu a zomvera m'makutu aja anatembenuka n'kumandimwetulira, mmene anthu amamwetulira mbewa ya mu labotale imene yachira.

Injiniya anatulukira pakhomo lina, nkhope itachita phulusa. Anandikokera m'kachipinda kojambulira mawu, ka makoma a siponji, n'kutseka.

"Ababa, khalani pansi."

"Ndaima bwino. Ndikufuna uthenga weniweni."

"Kulibe. Ndinaufufuta, ndi m'foni ya amayi momwe."

M'kachipindako munalibe phokoso lililonse. Ndinakuzindikira kukhala zii kumeneko, poti ndinali nditakumva m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu.

"Inu simunaumve, Ababa," anatero. "Kutsokomola kokhakokha, ngati munthu akumira. Ine ndinaumva kamodzi n'kukasanza. Ndiye za mpopi! Munthu akufa, mawu omaliza mpopi? Inu munali mutasiya kudya, malaya akulendewera ngati pa hang'ala. Ndinaopa kuti tiika maliro awiri. Amayi ankakukondani, aliyense akudziwa. Ine ndinangowathandiza kunena."

"Unawatseka pakamwa n'kulankhula ndiwe. Chaka chonse ndakhala ndikumwa tiyi mwana wanga wamwamuna akundinong'oneza kuti 'mwamuna wanga wokondedwa.' Ukuzimva bwinobwino zimenezo?"

Anatseka maso ngati ndamuwaza madzi otsukira mbale. Ndinkayesa agwada, kapena alira. Koma atatsegula, maso ake anali akuwala, mmene ankawalira ali mwana akalumikiza wailesi n'kutsala ndi tizitsulo tina m'manja.

"Chabwino, ndinalakwa. Koma zikhoza kukonzeka, Ababa. Mzime akukumbukira mawu onse. Kutsokomola ndili nako m'mauthenga ena. Phokoso la makina tikajambula, alipo kunyumba. Ndikhoza kuupanganso ndendende, ndi mpopi womwe, ndi a Duu omwe. Ngakhale paja anadukiza, 'komanso inu,' tikhoza kumalizitsa. Simungasiyanitse, ndikulumbira."

Khomo lachitatu. Chitsulo kulandira magazi.

Ndipo chimene chimandinyansa kuposa zonse, kuposa mayi wa magalasi ndi chithunzi cha gogo chija, n'chakuti kwa kamphindi ndinaufuna. Pakamwa panga panadzadza malovu ngati galu amene wamva fungo la nyama. Ndinafuna kumva chifuwa chija. Ndinafuna kuti wina amalizitse chiganizocho.

"Sindingasiyanitse?" ndinafunsa.

"Ngakhale pang'ono."

"N'chifukwa chake sindikuufuna. Mawu a mayi ako uwachotse m'makina onse a m'nyumba ino. Ndipo uwauze anzakowa kuti umboni wawo wafa."

Ndinatuluka n'kutsika masitepe onunkha labala aja.

7

Lamlungu ndinawaitana onse awiri. Anakhala motalikirana pa sofa ngati odikira dokotala. Ndinayatsa TV ndekha n'kutenga chowongolera. Mlonda anali pomwe ndinamusiya, mkazi wosulidwa ali pambali pake akuti usandizimitse, unali mwamuna wabwino.

Ndinagunda khoma kaye, monga mwa nthawi zonse. Palibe anaseka. Kenako ndinalowa khomo loyamba. Mumzinda monse Osulidwa anakhala pansi mmodzimmodzi, maso awo n'kuzima. Mlonda anabwerera kunyumba, anaima pakhomo, n'kuvula nsapato zamatope zija popanda womuuza.

"Mwapha theka la mzinda," anatero Injiniya chapansipansi.

"Mwina," ndinatero. "Kaya achitsulowo ali ndi moyo wawowawo, ine sindidziwa, ndipo sindikufuna kunamizira kudziwa. Akanabwera n'kunena kuti ine ndine chitsulo, ndiloleni ndikhale, bwenzi ndikuganizabe mpaka pano. Koma uyu wavala nkhope ya mkazi wa mwini, ndipo akunena zokomera mlonda zokhazokha. Ameneyo ayi."

Ndinatulutsa foni, kupeza uthenga uja, n'kudina pofufutira. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinatsimikiza.

Mzime sanaombe m'manja. Anangonyamuka kukateleka madzi a tiyi, ndipo kukhitchini kuja anachedwako kuposa mmene madzi amachedwera kuwira.

Alamu ndinawauza ndekha pa foni. Anakuwa mpaka ndinaitalikitsa ku khutu. "Ndiye ine ndimalirira kompyuta? Ndinamina m'mpango wanga wabwino chifukwa cha kompyuta?" Pofika madzulo abale onse anali atamva, ena akuti mwanayo n'ngotembereredwa, ena akuti anachitira chikondi, ena akufunsa mwakachetechete ngati angawapangireko wa malemu bambo awo.

Pa ukwati ndinalankhula ndekha. Ndinachita chibwibwi monga ndinkaopera. Ndinati, "Mayi ako akanakhala pano, akanati diresilo latalika ndipo mkamwiniyu akuseka kwambiri, mumufufuze." Anthu anaseka, kenako mipango inatuluka. Velo linakhala pamutu mpaka mapeto.

Injiniya anakhala kumbuyo, pafupi ndi zokuzira mawu. Timapatsana moni, ndipo Lamlungu lina amabwera. Akuti mawu a mayi ake anawachotsa m'makina onse. Ndilibe njira yodziwira ngati n'zoona. Anandiphunzitsa yekha kuti ine sindingasiyanitse.

8

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikuuzani khomo loti mulowe. Ana anu akamakangana pa gemu mpaka wina kusiya tiyi, tsitsani nyuzipepala, mwina akukangana za inu. Ndipo wina akadzakubweretserani mawu a malemu wanu osalala ngati sopo, opanda chifuwa, opanda chitonzo, dzifunseni ngati munthu wanuyo anali wotero. Ine ndinagona pambali pa lumo zaka zonse zija, koma atandipatsa thonje ndinalandira ndi manja awiri. Mwana wanga ananama, inde. Koma bodzalo linapeza chitseko chotsegula.

Uthenga wabodza uja sunandipemphe kanthu, kupatula kukumbatira ana. Weniweni, umene sindinaumve n'komwe ndi makutu anga, unandipatsa ntchito. Ndinagula kalabala ka mpopi, ndinabwereka sipanala, n'kukonza mpopi wa kubafa. Inali ntchito yosafika n'komwe pa thukuta, imene ndinaizengereza mpaka munthu kufa. Tsopano kubafa kuli zii, ndipo kumandipweteka, ndipo ndikuona kuti kuyenera kutero. Kuseri kwa chitini cha fulawa ndinapezako paketi ya shuga, itauma gwaa ngati njerwa. Sindinakhudze.

M'mawa ndikathira tiyi, foni ili m'thumba, ndimapezeka ndikuti, "Komanso ine chiyani?" Palibe woyankha. Chiganizocho chidzakhala chodukiza mpaka ndidzamupeze mwiniwake. Masiku ena ndimaganiza kuti mwina ankafuna kunena mawu aakulu aja, kamodzi kokha pa moyo wake. Koma mmene ndikumudziwira mkazi wanga, mwina ankanena za mpopi wa kukhitchini.

Nawonso wayamba kudontha.